Mizere ya Phulusa

Fungo la phulusa lonyowa limandibweza ku lokesheni ya Halale, kumene lero akuti ku Mbare, m'miyezi ya mphepo ya chaka chimene ndinalowa Fomu 1. Sindikunena phulusa la nkhuni. Ndikunena la malasha, lokanda kukhosi ngati utsi wa machesi ongoyatsidwa kumene. Fungo limenelo linkakhala mu ovolosi ya bambo anga, m'bulangete lawo, ngakhale pa sopo amene ankasambira. Amayi ankachapa ovolosiyo pa mpopi wa pamzere wathu, madzi n'kumatsika otuwa kulowera m'ngalande, koma ikauma inkanunkhabe chimodzimodzi. Tinkakhala nalo fungolo monga mmene anthu a kufupi ndi njanji amakhalira ndi phokoso la sitima.

Wandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Tendai, amene akuphunzira ku yunivesite m'tauni muno. Timu yawo ya mpira wamanja imatchedwa Madota, ndiye kuti phulusa m'Chishona. Asanalowe m'bwalo atsikanawo amadzilemba mzere wa phulusa patsaya, ndipo zinthu zikawathina amakuwa pamodzi kuti "Tinotara zvakare!", kunena kuti tijambulanso mizere. Dzina, mwambo ndi mfuuyo zinapita kumeneko ndi atsikana ochokera kusukulu yathu yakale, koma chiyambi chake chinatsala m'njira. Kuyunivesiteko amati zinachokera ku mbalame ya m'nthano za Azungu, imene imapsa n'kuukanso m'phulusa lake. Tendai anapatsidwa ntchito yolemba kabuku ka mbiri ya timuyo, ndiye anabwera kudzandifunsa m'Chichewa chake chotsimphina. "Agogo, paja munaphunzira sukulu imene ija. Za mbalamezi n'zoona?" Ndinamuuza kuti abwerenso Lamlungu. Atapita ndinakoka sutikesi ya pansi pa bedi, n'kutulutsamo kope lofiira limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku chaka chimenecho.

Inali nthawi ya Chitaganya, pamene Azungu anaphatikiza dziko lino ndi kwathu pansi pa boma limodzi. Anthu akwathu ku Nyasalande ankatsika mabasi pa Musika, msika waukulu wa lokesheniyo, sabata iliyonse, mitolo pamutu, chitupa m'thumba la malaya, ndipo ambiri ankathera ku ntchito zimene ena ankanyansidwa nazo: kukumba manda, kutaya zinyalala, kusonkhezera ng'anjo za m'mafakitale. Aliyense wa iwo, wamng'ono kapena wa imvi, anthu ankangomuitana kuti Achimwene, ngati kuti tonse tinabadwa ndi dzina limodzi. Bambo anachoka ku Dedza ine ndisanabadwe. Ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Graniteside, kuthira malasha m'ng'anjo yotenthetsa madzi a makina, ndi kupala phulusa lake n'kulitulutsa pa wilibala. Chaka chimenecho anali pa shifiti ya usiku. M'mawa, pamene njinga zosawerengeka zinkatuluka m'lokesheni kulowera ku mafakitale a ku Graniteside ndi ku Workington, yawo inkabwera yokha molowera kwina, pang'onopang'ono, tcheni chikulira.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, ya njerwa zosapaka utoto. Masana tinkayenda ngati amphaka kuti bambo agone, ndipo amayi ankapachika thumba lakale pazenera kuti dzuwa lisalowe. Koma lokesheni siikhala chete masana. Ana ankagubuduza malimu a njinga, wina ankakhoma malata, azimayi ankakangana pa mzere wa madzi. Bambo ankagona moduladula, chifuwa chikuwadzutsa. Ankanditchula kuti Mayi, chifukwa dzina langa lakuti Elube linali la amayi awo, ndipo ankandilankhula mwaulemu ngati ndine wamkuludi. "Mayi, mwaphunzirako chiyani lero?" Iwo sukulu anangoilawa, kungodziwa kuwerenga Chichewa pa mishoni ya kwawo, koma ankakonda kutsegula makope anga n'kumayang'ana mmene ndinkalembera. Kope lofiira lija anandigulira ndi iwo nditakhoza Sitandade 6. Ndinkalisunga pansi pa mphasa yanga, ndipo pa tsamba loyamba ndinalemba kuti: "Ndidzakhala namwino wovala zoyera. Sindidzachedwa kusukulu. Sindidzanama."

Lonjezo lachitatulo silinathe sabata. Sukulu yathu ya sekondale inali yatsopano, makoma akununkhabe simenti, ndipo atsikana tinalimo ochepa. Ambiri anali ana a aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki, ovala masokosi oyera amene sanasokedwepo. Tsiku loyamba mphunzitsi wathu, Misitiresi Dube, mayi wamtali wosakonda kubwereza funso, ankafunsa mmodzimmodzi ntchito ya bambo ake kuti alembe m'kaundula. Atatchula dzina langa, Elube Nkhoma, wina kumbuyo ananong'ona kuti "Achimwene", ndipo kuseka kunayenda pansi pa madesiki ngati khoswe. Ndinaimirira n'kunena kuti bambo ndi kalaliki ku Graniteside. Misitiresi analemba osakweza maso. Madzulo ake ndinalemba m'kope kuti: "Lero ndauza Misitiresi kuti bambo ndi kalaliki. Si bodza lalikulu, chifukwa akanaphunzira akanakhala kalaliki woposa onse. Ndikadzakhala namwino ndidzakonza zonse." Kuyambira tsiku limenelo ndinkazungulira njira ndikaona njinga yawo ndili ndi anzanga, ndipo palibe mnzanga amene ndinamuitanapo kunyumba.

Mphepo itayamba m'mwezi wa Ogasiti, sukulu za m'malokesheni zinayambitsa mpikisano wa mpira wamanja. Ine anandisankha kukhala woponya zigoli chifukwa cha kutalika. Kaputeni wathu anali Rudo, mwana wa wapolisi, wamfupi, wa mawu ngati a kondakitala wa basi. Bwalo lathu linali dothi lofiira pakati pa mpanda wa sukulu ndi mahositelo a amuna, pomwe panaimikidwa mitengo iwiri ya bulugamu yokhala ndi mikombero yachitsulo. Lamulo la mpikisano linali lakuti sukulu yolandira alendo ikhale ndi mizere yooneka bwino, apo ayi masewerawo apatsidwa kwa alendo. Laimu amene anatilonjeza sanabwere. Misitiresi anatiuza kuti aliyense abwere ndi phulusa la kunyumba, ndipo tinabwera nalo m'mapepala ndi m'zitini, n'kuliwaza ndi manja. Phulusa la nkhuni ndi lopepuka. Tisanamalize mbali yachiwiri, yoyamba inali itauluka kale kupita kukagwa pa zovala zoyanikidwa ku hositelo.

Ndinadandaula kunyumba tikumwa tiyi, ndikuuza amayi, osati bambo. Bambowo anali pakona akumanga zingwe za majombo. Anangofunsa kuti aone kope limene ndinajambulamo bwalo ndi miyeso yake. Loweruka m'mawa titafika kusukulu tinapeza bwalo lonse litalembedwa: zigawo zitatu, kamkombero ka pakati, ndi mauta awiri pansi pa mitengo. Mizereyo inali yotuwa moyererako, yowongoka, yolimba ngati yamatidwa, ndipo mphepo inkadutsa pamwamba pake osaitenga. Atsikana anakuwa ndi kudumphadumpha. Ine ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, n'kununkhiza. Ndinalidziwa fungolo.

Loweruka lotsatira ndinalawirira n'kubisala kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Dzuwa linali litangotuluka, kukuzizira kolasa zala. Bambo anafika atachokera kuntchito osadzera kunyumba, thumba la phulusa atalimanga pa kaliyala. Anayamba ndi kulisefa pa kansalu ka waya kuti achotse miyala ya malasha osapsa. Kenako analisakaniza ndi madzi m'ndowa mpaka linakhala ngati phala la mwana. Anakhoma zikhomo, n'kukoka chingwe, n'kuwaza madzi pansi motsatira chingwecho kuti dothi limwe kaye. Atatero anathira phalalo m'chitini chachikulu choboola ndi msomali pansi, chala chitatseka bowo, ndipo ankayenda chowerama cham'mbuyo, akutsegula chalacho pang'onopang'ono. Pojambula uta ankamanga chingwe patsinde pa mtengo n'kuzungulira nacho. Akafika pakona ankaima, manja m'mawondo, kutsokomola mpaka mapewa kugwedezeka, kenako n'kupitiriza. Sindinatuluke kukawathandiza. Ndinadikira mpaka atamanga ndowa pa njinga n'kumapita.

Misitiresi anawapeza tsiku lina ali pa ntchitoyo, ndipo anatiuza m'kalasi kuti Mulungu watitumizira Achimwene ena ake a ku fakitale, munthu wosalankhula, amene wakana ngakhale kapu ya tiyi. Atsikana anayamba kuwatchula kuti Achimwene a Phulusa. Wina amene anawaona patali anatsanzira kayendedwe kawo, chowerama cham'mbuyo, matako m'mwamba, ndipo kalasi lonse linaseka. Inenso ndinaseka. M'kope muli mzere umodzi wokha wa tsiku limenelo: "Lero ndaseka nawo."

Masabata anapita choncho. Mphepo inkauluza mapepala a pa Musika mpaka kudzawakoleka pa mpanda wathu, milomo inkang'aluka, fumbi linkalowa m'mano ndi m'mabuku. Pofika Lachinayi mizere inkakhala itafufutika ndi mapazi athu, ndipo Loweruka m'mawa inkapezeka yatsopano. Tinkapambana. Ine ndinkabwera kunyumba ndikusimba zigoli zanga, bambo atakhala pa mpando maso ali ofiira, akugwedeza mutu. Sanatsalepo ngakhale kamodzi kuti aonere masewera, ndipo ndinkaganiza kuti mpira wa atsikana alibe nawo chidwi. Kunena zoona, ndinkathokoza kuti satsala. Amayi ndiwo anandikokera kuseri kwa nyumba tsiku lina tikuyanika zovala. "Iwe Elube, ukuwaona bambo ako? Akutha ngati sopo. Munthu usiku wonse pamoto, m'mawa akawerame pa mpira wako. Wawauzapo zikomo?" Ndinayankha kuti ndiwauza. Sindinawauze, chifukwa kuthokoza kukanakhala kuvomera kuti ndikudziwa, ndipo kunyumba tonse tinkakhala ngati mizereyo imamera yokha.

Masewera omaliza anagwera pa bwalo lathu, Loweruka masana kumapeto kwa Seputembala, kukutentha kale. Alendo anali atsikana a sukulu ina ya mishoni, amene anabwera pa lole ndi owachemerera awo, onse atavala nsapato zoyera za tenesi. Bambo anali atalemba bwalo m'mawa monga mwa masiku onse. Koma chakumasana amuna a ku hositelo, atasowa posewerera, anakankhirapo mpira wamiyendo, n'kupondaponda mizere yonse mpaka inasanduka fumbi. Kenako kamvuluvulu anadutsa n'kusesa zotsalazo. Titafika tinapeza dothi lofiira lokhalokha, ngati sipanalembedwepo chilichonse. Woyimbira masewera, bambo wa kabudula woyera ndi wotchi yaikulu, anazungulira bwalo n'kunena kuti ikakwana 3 koloko mizere palibe, chikho chipita pa lole.

Misitiresi Dube anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa chigoli. Kanali koyamba kuwaona akutuluka thukuta pamphuno. "Ndani akudziwa kumene Achimwene aja amakhala?" Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. Rudo anali atayamba kale kutukwana amuna a ku hositelo. Ndinakweza dzanja pang'ono n'kunena kuti ndikudziwako, amakhala chakufupi ndi kwathu. Sindinanene zoposa pamenepo. Ndinathamanga kudutsa mizere ya nyumba, kulumpha ngalande, agalu akundiuwa.

Amayi ananditsekereza pakhomo, manja ali ndi thovu. "Angogona kumene. Usayerekeze." Ndinayamba kufotokoza monong'ona, mpweya ukundithera, koma m'kati bedi linalira, kenako chifuwa. Bambo anatuluka akuphethira ndi kuwala, mizere ya pilo ili patsaya. Anamva nkhani yonse osandidula. Anati kuseri kwatsala theka la thumba la phulusa losefa kale. Malaya awo a kutchalitchi anali m'madzi, ndiye anavala ovolosi yomwe ija ya usiku, youma gwa ndi phulusa ndi girisi. Amayi anatembenuka n'kubwerera ku beseni. Ndinkayembekeza kuti andikweza pa njinga, koma iwo anati, "Tsogolani, Mayi. Ine ndibwera pambuyo." Ndinaganiza kuti n'chifukwa cha katundu.

Pamene ankalowa pa geti anthu anali atadzaza mbali zonse za bwalo, ena atakwera pa mpanda. Masana amenewo ndinawaona monga mmene alendo ankawaonera: munthu wowonda, wotuwa kuyambira kutsitsi mpaka kumajombo, ndowa ndi chitini zikugogoda pa njinga. Ochemerera a pa lole anayamba kuwomba m'manja ndi kuimba, "Madota! Madota! Sukulu ya madota!" Bambo sanatembenuke. Anatsitsa thumba, Rudo anathamanga kukatunga madzi, ndipo iwo anakhoma chikhomo choyamba. Nthawi inali yochepa, ankafunika wina wogwira chingwe mbali inayo. Anayang'ana atsikana tonse amene tinaima pamzere, maso awo anadutsa pa ine ngati sanandionepo, kenako anabwerera.

"Mwana wa sukulu iwe, wamtaliwe, tagwira chingwe apa."

Chibadwire sanandiitanepo choncho. Ndinagwada n'kugwira chingwecho pansi, ndipo iwo anayamba kuyenda cham'mbuyo, chowerama, monga mtsikana uja anatsanzira m'kalasi. Panalibe nthawi yopumira pamakona, ndiye ankatsokomola akuyenda, chitini chikunjenjemera, koma mzere unkatuluka wowongoka. Mphepo inali ikuwombabe. Misitiresi anayandikira n'kufunsa m'Chishona kuti nanga ikafufutanso masewera ali m'kati titani. Bambo anayankha m'Chichewa, osaweramuka. "Ikafufuta tijambulanso. Phulusa silitha." Misitiresi sanamve bwino, ndipo Rudo anandigwira phewa kuti ndimasulire. Ndinamasulira.

Uta womaliza anathera pafupi ndi pomwe ndinagwada. Sindikudziwa kuti ndinayamba liti kulira, koma misozi inali ikugwera pa chingwe. Bambo anaweramuka, anandiona, ndipo dzanja lawo linachita zimene linazolowera kuyambira ndili wakhanda: anandipukuta patsaya ndi chala chachikulu. Chalacho chinali ndi phala la phulusa, ndipo chinasiya mzere wozizira kuchokera pansi pa diso mpaka kukhutu. A pa lole anafa ndi kuseka. Bambo anabweza dzanja msanga ngati akhudza chitseko cha ng'anjo, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Pepa, mwana wa eni. Ndakudetsa."

Anayamba kumanga ndowa pa njinga. Ndinaima pamenepo chingwe chili m'manja, ndipo ndinaona kuti akapita tsopano, adzapita monga Achimwene a Phulusa mpaka kalekale, ndipo ine ndidzatsala mwana wa kalaliki amene kulibe. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira. "Bambo, musapite. Khalani muonere mpira." Anaima chondifulatira. Rudo anandiyang'ana, anayang'ana iwo, n'kufunsa ngati ndi bambo anga enieni. Ndinati inde, ndi bambo anga, si kalaliki, amasonkhezera ng'anjo. Rudo anapendeketsa mutu. "Ndimaona ine. Makutu ndi omwewo, ngati zogwirira za poto." Atatero anapisa chala m'chitini, anadzilemba mzere patsaya, n'kutembenukira ku lole manja ali m'chiuno. "Eya, ndife Madota! Tsikani mudzalawe!"

Atsikana ena atatu anadzilemba nawo, akuseka ndi kukankhana. Awiri anakana, ati khungu lawo lingatupe, ndipo mmodzi wa iwo sanakhalenso nane desiki imodzi mpaka tinamaliza sukulu. Misitiresi Dube sananene kanthu za kaundula, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangotenga mpando wawo n'kukauika pafupi ndi mpanda kuti bambo akhalepo. Bambo anakana mpandowo, anakhala pansi atatsamira mzati.

Wezulo inalira itatsala pang'ono 3 koloko. Ndikanakonda kunena kuti tinapambana, koma sitinapambane. Mipira yanga itatu yoyamba inagunda mkombero n'kubwerera. Alendo anali aatali, opatsirana mpira osayang'anana. Pa nthawi yopuma tinali m'mbuyo, thukuta likusungunula phulusa m'masaya. Rudo anapita ku chitini, anatilembanso mmodzimmodzi, n'kukuwa mawu a bambo aja kuti ife timalize m'Chishona. "Ikafufuta?" Ife tinayankha, "Tinotara zvakare!" Anabwereza mpaka ana a pa mpanda anayamba kuyankha nafe. Chigawo chachiwiri ndinaponya bwino, tinawayandikira, koma wezulo yomaliza inatipeza tikadali m'mbuyo. Pakati pa masewera ndinacheukira ku mpanda kuti ndione ngati bambo aona chigoli changa. Anali atagona, mutu utagwera pa phewa, pakamwa pali potsegula, phokoso lonse lija likuwadutsa pamwamba.

Tinabwerera limodzi dzuwa litapendeka, iwo akukankha njinga, ine nditanyamula chitini. Tinadutsa pakati pa lokesheni, pa msewu waukulu, anthu akuyatsa mbaula panja, utsi ukuyala pamwamba pa madenga. Tili pafupi ndi nyumba anati, "Mwaponya bwino, Mayi." Ndinadziwa kuti sanaone, koma ndinati zikomo. Anamwa tiyi ataimirira, anagonako pang'ono, kenako ananyamuka kupita ku shifiti.

Chaka chotsatira laimu anabwera, koma atsikana anapempha kachitini ka phulusa ka pamasaya, ndipo bambo ankandipatsira m'pepala. Dzina lija linatsala, loyamba ngati chipongwe, kenako ngati lathu. Ofika pambuyo pathu analilandira osafunsa. Bambo anamwalira ndi chifuwa chomwecho ine ndikuphunzira unamwino, Chitaganya chitangotha, ndipo anaikidwa konkuno. Ku Dedza sanabwerereko.

Lamlungu Tendai anabwera, ndipo ndinamuuza zonse monga ndalembera apa. Analemba mwakhama, kenako anati za mbalame zija n'zosavuta kusindikiza pa malaya, koma ayesa. Ndinamuwerengera zimene ndinalemba madzulo a masewera aja: "Lero tagonja, koma ndaphunzira kuti bambo ndi munthu wosagonja. Mawu awo aja, akuti ikafufuta tijambulanso, ndi a chiyembekezo. Ndidzawalemba pamwamba pa tsamba lililonse." Ndipo ndinawalembadi, mpaka kope linatha.

Tendai ndiye anaona chinthucho, maso ake pokhala akadali akuthwa. Ankabwerera m'mbuyo m'masamba, ndipo anaima pa tsamba la mu Januwale, la tsiku la kaundula, pomwe ndinalemba kuti bambo ndi kalaliki. Pakona ya m'munsi, pomwe munthu amagwira akamawerenga, pali chidindo cha chala chachikulu, chotuwa, cha phulusa losakanikirana ndi girisi. Ndi chachikulu kuposa changa. Masamba oyambirira, tisanafike pa limeneli, ali nazo zidindo zotere, zofookerapo, pomwe bambo ankasirira kalembedwe kanga. Masamba onse otsatira alibe chidindo ngakhale chimodzi.

Mtsikana wa m'kopemo anamva mawu a munthu wosagonja, ndipo sindimutsutsa, chifukwa anamuthandiza kumaliza sukulu. Koma ine ndapitirira kale zaka zimene bambo anafika, ndagwirapo mashifiti a usiku m'chipatala, ndipo ndikawamva mawuwo tsopano ndimamva munthu wosagona akungonena mmene ntchito ilili. Ng'anjo imadzaza, umapala, mawa yadzazanso. Mtsikanayo ankaganiza kuti bambo ake sankatsala kuonera mpira chifukwa analibe nawo chidwi, ndi kuti anamutsogoza chifukwa njinga inali ndi katundu. Sankadziwa kuti kuyambira Januwale bambowo anali atawerenga kale bodza lija, n'kubwezera kope pansi pa mphasa, ndipo Loweruka lililonse ankalawirira kuti amalize mizere anzake a mtsikanayo asanafike.